Kucokera kwa Jack kufika kwa Alonzo: wapolisi wa pa kanema ndi wa pa msewu

Tsiku lina ndinafunsa ana a m'kalasi yanga kuti munthu amene amam'konda kwambiri m'mafilimu ndani. Anyamata atatu a ku benci ya kumbuyo anayankhira pamodzi kuti ndi Alonzo Harris, wapolisi wa mu Training Day, filimu ya mu 2001. Alonzo amaba ndalama za ogulitsa mankhwala osokoneza bongo, amapha mnzake, ndipo amafuna kuti mlandu ugwere wapolisi watsopano amene akum'phunzitsa nchito. Denzel Washington anapata Oscar cifukwa ca mbali imeneyi. Koma funso linanditsalira m'mutu: zinayamba liti kuti wapolisi wa pa kanema akhale mbala?

M'zaka za m'ma 1950, pamene tauni yathu inali kuchedwa Broken Hill, a Hortense Powdermaker a ku America anakhala ku Luanshya n'kumaona mmene anthu a ku migodi anali kuonerera bayisikopo. Anapeza kuti mafilimu a makauboyi ndiwo anali pamtima pa anthu, ndipo ngwazi iliyonse ya pa hachi anali kuiitana kuti Jack. Boma la atsamunda linali ndi bungwe lodula mafilimu asanaonetsedwe kwa anthu akuda, kuopa kuti angatengere zaupandu kapena kupeputsa azungu. Agogo athu anali kuonerera nkhani zoduladula, koma cimodzi cinali coonekeratu: wabwino ndi uyu, woipa ndi uyo.

Ku America nako kunali mpeni wake. Kuyambira mu 1934, malamulo a Hays Code anali kukakamiza opanga mafilimu kuti waupandu asapambane, komanso kuti lamulo lisanyozedwe. Ngakhale zinali tero, m'ma 1940 kunabuka mafilimu a mtundu wina: misewu yonyowa usiku, zithunzithunzi zazitali, wofufuza wotopa ndi moyo, ndi mzinda umene aliyense ali ndi mtengo wake. Mu 1946, Nino Frank wa ku France anawapatsa dzina lakuti film noir, kutanthauza filimu yakuda.

Mu The Big Heat ya mu 1953, Dave Bannion akufufuza imfa ya wapolisi mnzake, ndipo akupeza kuti mabwana ake ali m'thumba la cigawenga cacikulu ca mumzindamo. Mu Touch of Evil ya mu 1958, Orson Welles akusewera Hank Quinlan, wapolisi wochuka amene amabisa yekha umboni m'nyumba za anthu kuti awagwire. Quinlan amakhulupirira kuti mtima wake sunama, conco umboni ndi cinthu congowonjezerapo. Ife a ku Kabwe filimu imeneyi iyenera kutigwira m'mimba, pakuti ndende ya Mukobeko ili pakhomo pathu, ndipo kufikira mu Disembala 2022, pamene cilango ca imfa cinathetsedwa, oweruzidwa kuti aphedwe anali kusungidwa mmenemo. Umboni wabodza umodzi unali wokwana kufikitsa munthu ku cingwe.

Hays Code itatha mu 1968, opanga mafilimu anayamba kukamba poyera. Serpico ya mu 1973 ndi nkhani yeniyeni. Frank Serpico anali wapolisi wa ku New York amene anakana kulandira ziphuphu, ndipo anzake anamuda. Mu 1971 anaomberedwa kumaso ali pa nchito, koma anacira n'kukacitira umboni pamaso pa Knapp Commission. Filimuyi ionetsa kuti katangale si njala ya munthu mmodzi. Ndi mphika umene onse amadyeramo, ndipo wokana kusuna amasanduka mdani.

Opanga mafilimu onena za mu Africa anatola nkhaniyi mosavuta, cifukwa anali kuidziwa kale. Mu Nairobi Half Life ya mu 2012, apolisi amatengako gawo lao pa zimene anyamata aba. Mu The Nile Hilton Incident ya mu 2017, wapolisi wa ku Cairo amasonkhanitsa ndalama za ziphuphu monga mmene wina amalandirira malipiro.

Kuno kwathu, Anti-Corruption Commission inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1980, m'nthawi ya a Kaunda. Mu 2016 kunabwera Police Public Complaints Commission, kumene munthu wamba angakadandaule za wapolisi. Komabe aliyense amene anakwerapo minibasi pa Great North Road adziwa liu lakuti nicekeleko. Kondakitala amatsika, amapita kuseri kwa galimoto, ndipo amabwerako ulendo n'kupitirira, matayala ali osila monga poyamba. Kafukufuku wa Transparency International Zambia wakhala akuika apolisi pakati pa mabungwe amene anthu amapemphedwako ziphuphu kwambiri.

Apa m'pamene kanema amatinamiza pang'ono. Alonzo ali ndi galimoto yokongola ndi pakamwa pothwa, ndipo kamera imam'konda. Katangale wa ku Makululu kapena ku Bwacha alibe nyimbo yom'perekeza. Amaoneka ngati mai wogulitsa tomato amene wapereka phindu la tsiku lonse kuti mwana wake atuluke m'selo, ngakhale kuti police bond ndi yaulere mwa lamulo. Amaonekanso ngati wapolisi woona mtima amene anthu amam'kaikira cifukwa ca yunifomu imene wavala.

Kwa anyamata anga atatu aja, ndinawapatsa nchito ya kunyumba: aonerenso Training Day, koma maso ao akhale pa Jake Hoyt, wapolisi watsopano amene anakana ndalama pamene mfuti zinam'zungulira. Lolemba lotsatira mmodzi anabwera n'kunena kuti Jake ndi wopusa, akanatenga cabe. Mnzake anam'funsa kuti, "Nanga akanakhala kuti wogwidwayo ndi mbale wako, ukanafuna kuti afike ndani, Jake kapena Alonzo?" Belu linalira asanagwirizane.