Ngongole ya 1947

Pa 29 Novembala 1947, msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations udavomereza zogawa Palestine pawiri: dziko la Ayuda ndi dziko la Aarabu. Mayiko 33 adavomera, 13 adakana, ndipo nawonso atsogoleri a Aarabu sadagwirizane nazo. Mu 1948 dziko la Israel lidabadwa, nkhondo idakula, Apalestina pafupifupi 700,000 adathawa kapena kupirikitsidwa m'midzi yawo. M'Disembala chaka chomwecho bungwelo lidati ofuna kubwerera mwamtendere aloledwe, koma zidzukulu zawo zikadali m'misasa ku Lebanon, Jordan ndi Gaza. Wogawa munda sathawa mlandu wa malire. Amene adalonjeza mayiko awiri akadali ndi ngongole ya dziko lachiwirilo, ndipo mtendere wa mitundu yonse iwiri ukudikira kuti aibweze.