Chipata cha Ululu ndi Kaundula wa Otchulidwa: Mbiri ya Zolemba za Ronald Melzack

M'chaka cha 1964 bungwe la Institute for Scientific Information la mumzinda wa Philadelphia, lomwe adaliyambitsa Eugene Garfield, lidatulutsa kaundula wachilendo wotchedwa Science Citation Index. Kaundulayu sadalabadire zomwe pepala la kafukufuku likunena, koma ankangowerenga kuti ndi olemba angati amene alitchula pepalalo m'zolemba zawo. Patangopita chaka chimodzi, mu Novembala 1965, magazini ya Science idasindikiza pepala la masamba osakwana khumi la Ronald Melzack ndi Patrick Wall, lofotokoza momwe munthu amamvera ululu. Motero pepalali lidakulira limodzi ndi mwambo wowerenga otchulidwa, ndipo mbiri yake imaonetsa bwino zomwe chiwerengero chotere chimatha kuyeza ndi zomwe chimalephera.

Melzack adabadwira ku Montreal, m'dziko la Canada, m'chaka cha 1929. Sadali dokotala wa m'chipatala. Adaphunzira za maganizo a munthu pasukulu yaukachenjede ya McGill, komwe adatsiriza maphunziro ake apamwamba mu 1954 motsogozedwa ndi Donald Hebb. Kafukufuku wake woyamba adali wa agalu oleredwa kwaokha chibadwire, osakhudzana ndi anzawo kapena chilichonse chowavulaza. Atakula, ena mwa agaluwo ankanunkhiza lawi la machesi mobwerezabwereza ngati kuti silikuwaotcha. Chiphunzitso cha nthawi imeneyo sichikadatha kufotokoza zimenezi. Kuchokera pa René Descartes, yemwe buku lake la 1664 lili ndi chithunzi cha mnyamata amene phazi lake layandikira moto, kufikira pa Max von Frey m'zaka za m'ma 1890, akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti ululu uli ndi njira yakeyake yochokera pakhungu kukafika kuubongo, monga chingwe chomwe ukachikoka pansi belu limalira pamwamba. Bala likakula, ululu uyenera kukula. Koma Henry Beecher, dokotala wa asilikali a America pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, adali atalemba kale mu 1946 za asilikali ovulala koopsa amene ankakana mankhwala opha ululu.

Melzack adakumana ndi Wall, Mngelezi wobadwa mu 1925 yemwe adali katswiri wa mitsempha, atapita kukagwira ntchito ku Massachusetts Institute of Technology mu 1959. Mu 1962 awiriwa adalemba pepala m'magazini ya Brain lotsutsa chiphunzitso chakalecho, koma ndi ochepa amene adalilabadira. Mfundo zambiri za m'pepala la 1965 zidali kale mmenemo. Zomwe zidasintha ndi bwalo lomwe adalankhulirapo, pakuti Science imawerengedwa ndi asayansi a nthambi zonse, komanso fanizo lomwe adasankha: chipata. Iwo adati mumtsempha waukulu wodutsa m'fupa la msana muli malo omwe uthenga wochokera pakhungu umayamba wasefedwa usadakwere kuubongo. Timitsempha tating'ono tonyamula uthenga wa kuvulala timatsekula chipatacho, pamene mitsempha yokulirapo yonyamula uthenga wa kukhudza imachitseka, ndipo n'chifukwa chake munthu akapunthwa amasisita pamalopo. Adawonjezera kuti ubongo nawo umatumiza uthenga wotsika, kotero kuti mantha, chidwi ndi zomwe munthu adakumana nazo kale zimatha kukankha chipatacho uku kapena uko.

Fanizoli lidali losavuta kulikumbukira ndiponso losavuta kulijambula pabolodi, koma akatswiri a mitsempha sadalilandire mwamtendere. Edward Perl ndi anzake adaonetsa mu 1967 ndi 1969 kuti ilipodi mitsempha yomwe imadzuka pokhapokha thupi likavulazidwa, zomwe zidapatsanso mphamvu mbali ina ya chiphunzitso chakale. Ofufuza ena adapeza kuti kalumikizidwe ka maselo komwe Melzack ndi Wall adajambula sikadagwirizane ndi zomwe zimaoneka poyesa. Mu 1976 Peter Nathan adalemba pepala lalitali mu Brain lounika zofooka za ganizo la chipata, ndipo mu 1978 Wall adavomereza m'magazini yomweyo kuti mbali zina ziyenera kukonzedwa. Apa ndi pomwe pali phunziro loyamba la kaundula wa Garfield: aliyense wotsutsa pepala la 1965 ankayenera kulitchula, ndipo kaundula ankalemba kutchulako chimodzimodzi ndi kwa woliyamikira. Mwa zikwi zambiri za mapepala amene alitchula kufikira lero, muli ovomereza, otsutsa, ndi ena ochuluka amene amangoliika m'chiganizo choyamba monga mlendo amaperekera moni kwa mwini mudzi, osaliwerenga n'komwe.

Sikuti kutchukako kudali kwachabe. Mu 1967 Wall ndi dokotala wa opaleshoni William Sweet adayesa ganizoli pa matupi awo omwe, kenaka pa odwala, podzutsa mitsempha yokulirapo ndi magetsi ofooka, ndipo ululu udachepa. M'chaka chomwecho Norman Shealy adaika chipangizo chamagetsi pamtsempha wa mumsana wa wodwala. Njira zonse ziwiri zikugwiritsidwabe ntchito m'zipatala. Chachikulu koposa n'chakuti ululu udasiya kuonedwa ngati chizindikiro chabe cha matenda ena, nukhala phunziro paokha: bungwe la International Association for the Study of Pain lidabadwa kuchokera pamsonkhano womwe John Bonica adaitanitsa mu 1973, ndipo magazini yake, Pain, idayamba kutuluka mu 1975, mkonzi wake woyamba ali Wall.

Pepala lachiwiri lomwe dzina la Melzack limadziwika nalo lidatuluka m'chaka choyamba cha magazini imeneyi, ndipo ndi lomwe liyenera kukopa chidwi cha ophunzira zinenero. Chiyambi chake chidali ku Oregon, komwe Melzack adagwira ntchito ndi dokotala William Livingston pakati pa zaka za m'ma 1950. Kumeneko adacheza kwambiri ndi mayi wina wachikulire wodulidwa miyendo yonse, yemwe ankamvabe ululu m'miyendo yomwe idachotsedwayo, ndipo ankaufotokoza ndi mawu osiyanasiyana: nthawi zina wootcha, nthawi zina wolasa, nthawi zina wokokana. Melzack adayamba kusonkhanitsa mawu otere. Mu 1971, pamodzi ndi katswiri wa masamu a kafukufuku Warren Torgerson, adafalitsa m'magazini ya Anesthesiology kafukufuku wa mawu 102 a Chingerezi ofotokoza ululu, omwe madokotala, ophunzira ndi odwala adawaika m'magulu ndi kuwasanja malinga ndi kukula kwa ululu womwe liwu lililonse limatanthauza. Zotsatira zake ndi McGill Pain Questionnaire ya 1975: mawu 78 m'magulu 20, ena onena za momwe thupi likumvera, ena za mantha ndi kutopa komwe ululu umadzetsa, ena za momwe wodwala akuuyezera wonse. Mu 1987 adatulutsa mndandanda waufupi wa mawu 15 wothandiza m'zipatala momwe nthawi imachepa.

Pepala limeneli limatchulidwa pa chifukwa china. Silifuna kuti wolitchula avomereze chiphunzitso chilichonse; aliyense woyesa mankhwala atsopano pa odwala nyamakazi, khansa kapena amayi obereka, akagwiritsa ntchito mndandandawo, amayenera kutchula gwero lake. Zida zoyezera zimakolola kutchulidwa mwa njira imeneyi m'nthambi zonse za sayansi. Pamene magazini ya Nature idasanja mapepala otchulidwa koposa mu 2014, loyamba silidali la Einstein kapena la Watson ndi Crick, koma la Oliver Lowry ndi anzake la 1951, lofotokoza njira yoyezera mapuloteni, lomwe lidali litatchulidwa koposa ka 300,000. Choncho mayina a Melzack awiriwa, chipata ndi mndandanda wa mawu, amaoneka ofanana m'kaundula ngakhale kuti lina lidakwera ndi mkangano ndipo linalo lidakwera ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Chiwerengero cha h-index, chomwe Jorge Hirsch adayambitsa mu 2005 ndipo masukulu aukachenjede ambiri amachiyang'ana pokweza aphunzitsi pantchito, chimaphatikiza zonsezi kukhala nambala imodzi. Mabuku a nthano za Ainuit omwe Melzack adalembera ana, monga The Day Tuk Became a Hunter la 1967, salowamo n'komwe. Wall adamwalira mu 2001, Melzack mu Disembala 2019, ndipo nambala zawo zikukwerabe.

Chomwe kaundula saonetsa konse n'chakuti chida chotchukachi chidaumbidwa ndi mawu a chinenero chimodzi. Ofufuza a ku Finland adazindikira zimenezi msanga, ndipo mu 1981 adasonkhanitsa okha mawu a chinenero chawo m'malo momasulira a Chingerezi liwu ndi liwu. A ku France adachita chimodzimodzi ndi mndandanda wa chipatala cha Saint-Antoine ku Paris. Wodwala wolankhula Chichewa naye ali ndi nkhokwe yake. Amasiyanitsa kupweteka ndi kuwawa, ndipo liwu lachiwirili ndi lomwenso amatchulira kakomedwe ka ndulu kapena ka tsabola, kotero kuti ululu ndi kulawa zimakumana m'tsinde limodzi. M'mimba mumapota kapena kuluma, m'nthiti mumabaya, mwendo umachita dzanzi, thupi lonse limaphwanya malungo akayandikira. Mawuwa sangosiyana pa kukula kwa ululu, amamangirikanso ku ziwalo: thupi limaphwanya koma dzino siliphwanya, m'mimba mumapota koma mutu supota. Mndandanda wa McGill udasanjidwa poganiza kuti liwu lililonse lingathe kuima palokha papepala, wodwala n'kulichonga, pamene m'Chichewa ululu umanenedwa kawirikawiri ndi mneni wofuna mwininkhani wake, kapena ndi mvekero wotuluka pamodzi ndi nkhope ndi dzanja loloza pomwe pakupweteka. Bungwe la akatswiri a ululu lija, pokonzanso tanthauzo la ululu mu 2020 m'malo mwa lomwe lidakhazikitsidwa mu 1979, lidalemba momveka kuti kufotokoza ndi mawu ndi njira imodzi chabe mwa zingapo zoonetsera ululu, ndi kuti wolephera kulankhula asayesedwe ngati sakumva kanthu.