Magalimoto Wamba pa Ntchito Yofufuza ndi Kupulumutsa Anthu

Magulu ambiri ofufuza ndi kupulumutsa anthu pa ngozi alibe magalimoto opangidwira ntchitoyi. Amagula pick-up kapena lole yomwe mlimi kapena wamalonda angagulenso, n'kuiika zida. Zotchuka pa ntchitoyi ndi Toyota Hilux, yomwe inayamba kupangidwa mu 1968, ndi Land Cruiser 70 yomwe inatuluka mu 1984. Ku Britain, magulu a anthu ongodzipereka omwe amapulumutsa anzawo m'mapiri ankadalira Land Rover Defender, ndipo mtundu wake wakale utasiya kupangidwa mu 2016, ena anayamba kugula ma pick-up.

Kutsika mtengo ndi chifukwa chimodzi, koma chachikulu n'chakuti galimoto yotere sisowa woikonza. Ikafera kumudzi, makaniko wa pamsika amaidziwa ndipo masipeya ake savuta kupeza. Imasinthanso ntchito mosavuta: m'mawa yanyamula opulumutsa ndi zingwe zawo, masana yakoka boti kupita nalo kumtsinje, usiku nyale zake zikuunikira okumba.

Zida zomwe amawonjezera ndi monga winch, makina okoka ndi chingwe cholimba omwe amazula galimoto ikatitimira m'matope, matayala a mano akuluakulu, wailesi zolumikizirana, ndi snorkel, paipi yokweza polowera mpweya kuti injini isamwe madzi powoloka.

Vuto lomwe ambiri amalichepetsa ndi kulemera. Pick-up ngati Hilux imaloledwa kunyamula pafupifupi tani imodzi, ndipo m'tani imeneyi muli anthu okwera ndi chitsulo chilichonse chomwe chawonjezedwa. Anthu asanu ndi katundu wawo amadya pafupifupi theka. Katundu wosanjikiza padenga amachititsa kuti galimoto izipendama pamalo otsetsereka. Palinso nkhani ya machira: kumbuyo kwa pick-up ya double cab n'kotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, pamene munthu wogona pa machira amafuna pafupifupi mamita awiri. N'chifukwa chake onyamula ovulala amakonda Land Cruiser yotseka kumbuyo, ija imagwira ntchito ya ambulansi m'zipatala zambiri za m'maboma.

Pa madzi othamanga, ngakhale 4x4 imagonja. Akatswiri a zanyengo ku America amachenjeza kuti madzi othamanga akuya masentimita 60 akhoza kukokolola pick-up, ndipo apa snorkel sithandiza kanthu chifukwa matayala amakhala atasiya kale kugwira pansi. Izi zinaoneka m'mwezi wa Marichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anadula misewu ndi milatho kumwera kwa Malawi. Ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre magalimoto ankafika pafupi ndi pomwe matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba, koma m'madera ena a Nsanje, Phalombe ndi Mulanje ankathera pomwe msewu wadukira. Kuchokera pamenepo asilikali ndi opulumutsa ena ankapitiriza pa boti, pa helikopita kapena wapansi.