Mwala umene unalemeretsa ena n'kusaukitsa ena: mbiri ya migodi ya dayamondi

Kwa zaka mazanamazana, pafupifupi dayamondi yense amene mafumu ankavala ankachokera ku India. Kunalibe migodi yakuya. Anthu ankangosefa mchenga ndi nsangalabwi m'mbali mwa mitsinje monga Krishna, amalonda n'kukagulitsa miyalayo mumzinda wa Golconda. Mwala wabuluu wotchedwa Hope, umene lero umasungidwa ku Washington, unachokera kudera limeneli.

Miyala ya ku India itayamba kuchepa, m'ma 1720 anthu ofunafuna golide ku Minas Gerais m'dziko la Brazil anatulukira dayamondi m'mitsinje ya kumeneko. Ntchito yosefa inagwera akapolo ochokera ku Africa, phindu n'kumapita kwa Apwitikizi. Brazil inatsogola pa malondawa kwa zaka pafupifupi 150.

Zinthu zinatembenukira kummwera kwa Africa cha m'ma 1867, pamene Erasmus Jacobs, mnyamata wa zaka 15, anatola kamwala konyezimira pafupi ndi mtsinje wa Orange, ku Hopetown. Ana ankangoseweretsa kamwalako, osadziwa kuti ndi dayamondi wa makarati 21. Karati imodzi ndi magalamu 0.2 basi, choncho chinthu chimene chinagwedeza dziko chinali cholemera magalamu anayi okha.

Mu 1871 anthu anakhamukira pa kaphiri ka Colesberg Kopje, pamene lero pali mzinda wa Kimberley. Apa ndi pamene panaoneka zachilendo: miyalayo sinali mumtsinje ayi, inali m'dothi lachikasu, ndipo atakumba mozama anaipeza m'thanthwe labuluu. Dayamondi amapangika pansi pa nthaka, pa mtunda wa makilomita oposa 150, pamene kutentha ndi kupsinjika kumaumitsa kaboni. Kalekale ziphalaphala zamoto zinaphulika n'kukankhira miyalayo kumtunda kudzera m'mipita yopapatiza. Thanthwe la m'mipitayo analitcha kimberlite potengera dzina la mzindawo. Mitsinje ya ku India ndi Brazil inkangonyamula zimene madzi anakokolola. Mipita ya dayamondi imeneyi imapezeka m'zigawo za nthaka yakale kwambiri, n'chifukwa chake migodi ikuluikulu inatsegulidwa kumeneko: kummwera kwa Africa, Siberia, kumpoto kwa Canada ndi Australia.

Dzenje la ku Kimberley analikumba ndi mapiki ndi mafosholo, ndipo pamene ankalitseka mu 1914 linali litatulutsa dayamondi wolemera makilogalamu oposa 2,700. Cecil Rhodes anagula malo a anzake mmodzimmodzi mpaka anakhazikitsa De Beers Consolidated Mines mu 1888. Antchito akuda ankatsekeredwa m'makomboni ampanda, ndipo potuluka ankawasecha thupi lonse kuopa kuti ameza mwala. Makomboni a mtundu umenewu anafalikira kumigodi ya golide, kumene agogo athu opita ku Joni kudzera ku Wenela anakawapeza. Chuma cha Rhodes chinafikanso ku Nyasaland: kampani yake ya British South Africa Company inkapereka mapaundi 10,000 pachaka othandizira boma la atsamunda la Harry Johnston kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890.

Mu 1905 mgodi wa Premier, kufupi ndi Pretoria, unatulutsa Cullinan, mwala wa makarati 3,106, woposa theka la kilogalamu. Zidutswa zake zazikulu zili pa ndodo ndi chisoti chachifumu cha ku Britain. Patatha zaka zitatu, Zacharias Lewala, amene ankachotsa mchenga pa njanji pafupi ndi Lüderitz ku Namibia, anaona mwala wonyezimira n'kukapereka kwa bwana wake, August Stauch. Bwanayo analemera, ndipo Ajeremani, amene ankalamulira dzikolo, anatseka dera lonselo kuti munthu wamba asapondemo. Masiku ano zombo zikuluzikulu zimayamwa nsangalabwi pansi pa nyanja m'gombe la Namibia, kutsatira miyala imene mtsinje wa Orange unakataya kumeneko.

Kenako migodi inatsegulidwa m'malo ozizira koopsa. Mu 1954 katswiri wa miyala Larisa Popugaeva anapeza mpita woyamba wa kimberlite ku Yakutia, ku Siberia, ndipo chaka chotsatira kunapezeka mpita wina wotchedwa Mir. Lero Russia ndiyo imakumba makarati ochuluka kuposa dziko lina lililonse. Canada inalowa m'bwalo mu 1998 ndi mgodi wa Ekati, kumene katundu wolemera amafika m'nyengo yachisanu pa msewu wodutsa pamwamba pa nyanja zoundana. Ku Australia, mgodi wa Argyle, wotchuka ndi dayamondi wapinki, unatsekedwa mu 2020.

Koma kupeza mwala si kulemera. Walira mvula walira matope. Ku Sierra Leone, dayamondi wa ku Kono anagulira mfuti zigawenga za RUF zimene zinkadula anthu manja pa nkhondo ya 1991 mpaka 2002. Ku Angola, gulu la UNITA la Jonas Savimbi linkadalira miyala ya ku Lunda. Magazi amenewa ndi amene anachititsa kuti mu 2003 mayiko ayambe ndondomeko ya Kimberley Process, yofuna chiphaso pa dayamondi wosasula aliyense wowoloka malire. Ngakhale zinali choncho, ku Marange m'dziko la Zimbabwe, kumene anthu anakhamukira mu 2006, asilikali anapha anthu okumba pawokha mu 2008.

Botswana inayenda njira ina. Inalandira ufulu mu 1966 ili m'gulu la mayiko osaukitsitsa, ndipo chaka chotsatira dayamondi anapezeka ku Orapa. Boma la Seretse Khama linaika chuma cha m'nthaka m'manja mwa dziko lonse, osati mtundu umodzi, ndipo linagwirizana ndi De Beers kupanga kampani imene lero imatchedwa Debswana, momwe aliyense ali ndi theka. Mgodi wa Jwaneng utatsegulidwa mu 1982, ndalama zinamanga sukulu, zipatala ndi misewu yatala. Mu 2024 mgodi wa Karowe unatulutsa mwala wa makarati 2,492, wachiwiri kwa Cullinan.

Tsopano mdani wa migodiyi ndi dayamondi wopangidwa m'mafakitale, makamaka ku China ndi India, amene wagwetsa mitengo mpaka chuma cha Botswana chayamba kutsimphina. Mu 2025 dzikolo linasaina pangano latsopano ndi De Beers lokweza gawo la miyala imene limadzigulitsira lokha, kuchoka pa 25 peresenti kufika pa 40 m'zaka khumi. Atsogoleri ake akunena poyera kuti ndalama zimenezo ziyenera kuyambitsa ntchito zina msanga, mtengo wa mwala usanatsikirenso.