Chitaganya, Tauni ya Blantyre ndi Anthu a ku Neno

Mwana wa sukulu akafunsa kuti, "Kodi chitaganya nchiyani?" mphunzitsi ayenera kuyankha mosamala, pakuti liwuli lili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi njira ya kaweruzidwe ka dziko: zigawo zingapo zipangana kukhala ndi boma limodzi losamala za onse, monga asilikali ndi ndalama, koma chigawo chilichonse chisunga bwalo lakelake loweruza za pakhomo. Dziko la Switzerland, kumene anthu alankhula zinenero zinayi, layenda motero chiyambire 1848. Mbali yachiwiri ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene makolo anachida ndi mtima wonse. Chifukwa chimene njira imodzimodziyo inamangira mtendere kwina ndi kuutsa mkwiyo kuno chioneka bwino poyang'ana moyo wa munthu wa ku Neno m'zaka zimenezo.

Dziko la Neno liyambira pa mapiri a ku malire a Mozambique ndi kutsetserekera ku chigwa cha Lisungwi ndi Shire. M'menemo Angoni ndi Amang'anja akhala moyandikana kwa mibadwo, nakwatirana, nalankhula chinenero chimodzi. M'chaka cha 1933 Boma la Angerezi linaika lamulo lopatsa mafumu akulu mabwalo awo a milandu, kotero kuti munthu wa kumudzi anali ndi khomo lokadandaulako, ngakhale mfumuyo inali pansi pa Bwana D.C. Pa nthawi ya Chitaganya, Neno pamodzi ndi Mwanza zinali m'manja mwa boma la Blantyre, ndipo anyamata ambiri ofuna ndalama ya msonkho anali kuwoloka Shire kukafuna ntchito ku tauniko.

Atafika kumeneko, mnyamatayo anapeza mitundu yochuluka koposa ya kwawo: Ayao, Alomwe, Asena, Atonga, Amwenye ndi Azungu. Tauni ya Blantyre inali ndi khonsolo yake chiyambire 1895, ndipo Limbe, amene anakula chifukwa cha njanji ndi fodya, analinso ndi yake. Koma osankha makhonsolowo anali eni nyumba ndi masitolo olipira msonkho wa tauni, ndipo mipando inali m'manja mwa Azungu kwa zaka zambiri. Wantchito wakuda anali kugona m'midzi ya m'mphepete monga Ndirande, nalawirira m'mawa kukatumikira tauni imene sinali kumva mawu ake. M'chaka cha 1956 makhonsolo awiriwo anaphatikizidwa nakhala imodzi. Ichi sichinali chitaganya ayi, pakuti Limbe sanasunge bwalo lakelake. Ndiponso kuphatikizako sikunasinthe funso lakuti asankha ndani.

Pamwamba pa mfumu, D.C. ndi khonsolo panadzanso boma lina m'chaka cha 1953, likulu lake ku Salisbury. Olikonza anati mitundu yonse idzayendera pamodzi mwa ubale. Komatu taonani kagawidwe ka mipando m'Bwalo la Malamulo la Chitaganya: inalipo 35, ndipo anthu akuda a maiko onse atatu anapatsidwa 6 yokha. A ku Nyasaland anali awiri, a Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano. Ku Southern Rhodesia ovota, amene pafupifupi onse anali Azungu, anafunsidwa ngati alola Chitaganya. Ku Nyasaland eni dziko sanaponye voti. Mafumu anapita ku London kukadandaula kwa Mfumukazi, koma anabwerako osaiona.

Ntchito nazo zinagawidwa poyang'ana khungu. Sukulu za ana a Azungu, a Amwenye ndi a Makaladi zinali za boma la Chitaganya, limene linali ndi thumba lalikulu. Sukulu za ana akuda zinasiyidwa kwa boma la ku Zomba ndi kwa amishoni. Motero mwana wophunzira pa mishoni ya Matandani ku Neno ndi mwana wa Mzungu wa ku Blantyre, ngakhale anali m'boma limodzi, maphunziro awo anali kuyang'aniridwa ndi maboma awiri osiyana. Apa ndi pamene panagona nthenda. Ku Switzerland malire alekanitsa malo, ndipo nzika iliyonse yokhala m'chigawo ili ndi mawu m'chigawomo. Kuno malire analekanitsa anthu okhala pa malo amodzi.

Anansi a Neno a kumpoto ndiwo anaonetsa poyera kukana kwawo. Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a Boma. Inachotsedwa pa mpando m'chaka cha 1953, nimwalira m'chaka chotsatira. Mkwiyo sunazirale. Pa 3 Malichi 1959 Kazembe analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo Dr. Banda ndi atsogoleri ambiri a Congress anamangidwa. Bungwe la Monckton, limene linafufuza nkhaniyi m'chaka cha 1960, linaona kuti Chitaganya sichingakhale monga chinaliri popanda kulola kwa eni dziko. Chinatha pa 31 Disembala 1963.

Ufulu utabwera, mantha a kugawikana anachititsa kuti mphamvu zonse zisonkhanitsidwe pakati, ndipo makhonsolo anafooka. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linayesa kubwezera mphamvu zina ku mizinda ndi ku maboma. M'chaka cha 2003 Neno anapatulidwa ku Mwanza nakhala boma palokha. Khonsolo yake isankhidwa ndi anthu onse okhala m'dera, Mngoni ndi Mmang'anja chimodzimodzi, ndipo mafumu akulu, monga a Dambe, a Chekucheku, a Mlauli ndi a Symon, akhala nawo pa zokambirana koma osaponya voti. M'chaka cha 2014 anthu ena, makamaka a chigawo cha kumpoto, anautsanso pempho lakuti Malawi agawidwe mwa njira ya chitaganya, ndipo ena anakana msanga pokumbukira dzina lokhalo.

Tsono mphunzitsi asaphunzitse ana kuopa liwu kapena kulikonda. Awaphunzitse kufunsa mafunso atatu pa boma lililonse logawana mphamvu, lingakhale la dziko, la mzinda kapena la kwawo ku Neno: kodi eni ake analola? Kodi malire alekanitsa malo kapena alekanitsa mitundu ya anthu? Nanga bwalo laling'ono lapatsidwa ndalama zogwirira ntchito zake? Chitaganya cha 1953 chinalephera pa mafunso awiri oyambawo. Lachitatulo likali kudikira yankho m'makhonsolo a lero.