Za Kamwazi m'Dziko Lino la ku Nyanja

Pa chaka chino cha chikondwerero tikumbukira ansembe, masukulu ndi nyumba za Mulungu. Koma kuyenera kuti titchulenso mdani amene anadzaza manda m'midzi yathu, ndiye kamwazi. Makolo anaidziwa nthendayi kalekale: munthu apotokola m'mimba, thupi litentha, napita kuthengo kawirikawiri, naturutsa mwazi ndi zonanda. Ambiri anayesa ufiti. Koma chaka cha 1897 sing'anga wa ku Japan, dzina lache Kiyoshi Shiga, anapeza kachirombo kache. Ndipo tidziwa tsopano kuti tizirombo towerengeka, tokhala pa chala chosasamba kapena pa mwendo wa nchenche, tikwanira kugwetsa mwamuna wamphamvu.

Nthendayi siyenda chimodzimodzi zaka zonse. Ibisala ngati ng'ona m'bango, kufikira anthu aunjikana ali ndi njala, pomwepo ivuuka.

Chotero kunali pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918. Fort Johnston, ndiye Mangochi wa lero, linali dooko la asilikari, ndipo sitima ya Guendolen ndi zinzache zinanyamula anthu ndi akatundu kunka kumpoto. Amuna zikwi zambiri analembedwa utengatenga. Anagona mothinana, nadya nsima yosapsa, namwa madzi a m'zithaphwi. Ndimo ambiri amene sanaone konse chipolopolo anagwa m'njira ndi kamwazi, katundu ali pamutu. Manda ao sitiwadziwa. Ine ndiyesa kuti imfa yao sitinailire monga kuyenera.

Inabweranso ndi mphamvu chaka cha 1992, chaka cha chilala, pamene othawa nkhondo ya ku Mozambique anali pafupi miliyoni m'dziko muno. Zitsime zinaphwa, ndipo madzi osamba m'manja anayesedwa otaya. Choopsa china chinali chakuti tizirombo tinali titazolowera mankhwala akale, osamvanso. Ine ndinali mwana wa sukulu masiku amenewo, ndipo ndikumbukira mkatekisi wathu akuyenda ndi buku la maliro m'khwapa, mamawa ndi madzulo.

Mliri uja unapita, zipatala ndi mijigo zachuluka. Koma nthendayi sinachoke pa gombe. Pakuti dothi lathu ndi mchenga, ndipo chimbudzi chokumbidwa m'malimwe chigwa ndi mvula yoyamba. Pa nyengo ya usipa asodzi asonkhana pa madooko mazana mazana, ndipo pamene wina wadzithandiza usiku, pomwepo mai atunga mtsuko wache mbanda kucha.