Kusanja Masamba a Kabuku Kopinda Pakati

Ku Ngala, m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi Dwangwa m'boma la Nkhotakota, timabuku ta ndondomeko ya mwambo wa ukwati, ta maliro ndi ta nyimbo za kwaya timapangidwa pa kompyuta ndi pulinta wamba, nthawi zambiri m'mashopu olembera ndi kujambulira makalata a m'mbali mwa msewu wa M5. Luso limeneli, lotchedwa desktop publishing m'Chingerezi, linayamba kufala mu 1985 pamene kampani ya Aldus inatulutsa pulogalamu ya PageMaker, ndipo kuchokera apo ntchito imene kale inkafuna makina akuluakulu ngati a ku Likuni Press inayamba kutheka patebulo limodzi.

Zonse zimayambira pa kusiyanitsa pepala ndi tsamba, zinthu ziwiri zimene polankhula anthu amaziphatikiza. Pepala ndi chimene chimalowa mu pulinta, pamene tsamba ndi mbali imodzi yowerengedwa, yokhala ndi nambala yakeyake. Pepala la A4, la mamilimita 297 m'litali ndi 210 m'lifupi, likagonekedwa chopingasa n'kupindidwa pakati limabala masamba 4 a saizi ya A5, awiri kumaso ndi awiri kuseri, ndipo n'chifukwa chake masamba a kabuku kotere ayenera kukhala 8, 12, 16 kapena nambala ina yogawika ndi 4. Ndondomeko ya maliro ya masamba 10 imadyabe mapepala 3, ndipo masamba awiri otsalawo ndi bwino kuikapo nyimbo kapena mawu othokoza kusiyana n'kuwasiya oyera, popeza ofedwa alipira pepala lonse.

Pamene pagona ntchito ndi pa kusanja masamba, chimene osindikiza amachitcha imposition, kutanthauza kuika masamba papepala motsatira mmene adzakhalire akapindidwa, osati motsatira mmene amawerengedwera. M'kabuku ka masamba 8, pepala lakunja limanyamula tsamba 8 kumanzere ndi tsamba 1 kumanja, kuseri kwake tsamba 2 ndi 7, pamene lam'kati limanyamula 6 ndi 3, kuseri kwake 4 ndi 5. Masamba awiri oyandikana papepala akaphatikizidwa amapereka 9 nthawi zonse, ndiye kuti chiwerengero cha masamba onse kuwonjezerapo 1, ndipo kalamulo kameneka n'kokwanira kuti munthu azindikire cholakwika asanaononge mapepala. Kusanjaku mapulogalamu amachita okha: mu Microsoft Word amasankha Book fold, mu LibreOffice amasankha Brochure, ndipo mu Adobe Acrobat Reader amasankha Booklet. Kusanja kawiri, koyamba polemba kenako posindikiza, kumabalalitsa masamba onse, choncho fayilo yopita ku shopu iyenera kukhala ndi masamba otsatana mwa masiku onse ngati wosindikizayo akukasanja yekha.

Posindikiza mbali zonse ziwiri, pepala logonekedwa chopingasa limatembenuzidwira ku mbali yaifupi, apo ayi masamba akuseri amatuluka chadodolido. Pulinta imene sitembenuza yokha imafuna kuti mapepala abwezeredwe pamanja, ndipo chinyezi cha kunyanja, makamaka m'nyengo ya dzinja, chimachititsa mapepala kupindika ndi kumatana, kotero kuti pulinta ikakoka awiri nthawi imodzi, masamba onse otsatira amasemphana ndi anzawo akumaso. Mapepala osungidwa m'paketi yotseka savuta chotero.

Mzere wopindapo ndiwo msana wa kabuku, ndipo mpata wosiyidwa mbali zonse za msanawo, wotchedwa gutter, umateteza mawu kuti asamire m'kati. Pamsana pomwepo ndi pamene amakhomapo mawaya awiri a sitepula yaitali mkono, njira yotchedwa saddle stitch, chifukwa sitepula ya muofesi sifika pakati pa pepala la A4. Mapepala akachuluka, am'kati amatulukira kunja pang'ono kuposa akunja, chimene chimatchedwa creep, ndipo popeza pepala wamba la magalamu 80 pa sikweya mita limakhuthala pafupifupi mamilimita 0.1, kabuku ka mapepala 10 kamafuna kudulidwa m'mphepete kuti kalingane, zimene zimachepetsa mpata wa kunja wa masamba am'katiwo.

Vuto lina limakhudza chilankhulo chenichenicho. Mitundu ina ya zilembo za pa kompyuta ilibe chilembo cha ŵ, chimene olemba ambiri amachifunabe m'dzina la Malaŵi ndi m'mayina a anthu, ndipo fayilo ikatsegulidwa pa kompyuta ina, chilembocho chimatha kusintha maonekedwe, mizere n'kusuntha, masamba 12 n'kukhala 13. Fayilo ikasungidwa ngati PDF isanachoke kwa wolemba, zilembo zimapita nayo limodzi ndipo masamba amakhala mmene anawasiyira.